Tchuthi Chaulere Kunyanja ndi Mbedza Yobisika M'nyambo

Ena muli pakhonde mukusenda nandolo, ena mukulongedza katundu pamsika wa Migowi, ena mwaimika foni pawindo kuti mawu asamaduke. Ndikulankhula makamaka ndi abale anga a kwa Nkhulambe, m'tsinde mwa phiri la Mulanje kuno ku Phalombe, pamodzi ndi ana athu amene ali ku Joni ndipo amatimvera pa intaneti akaweruka kuntchito.

Nkhani yathu lero ndi ya tchuthi cha kunyanja, chija amati chaulere kapena chotchipa kwambiri, chimene makampani ena amaitanira nacho anthu kuti akawagulitse chinthu chotchedwa timeshare. Ndikudziwa kuti wina wati kale mumtima, “Kodi za mahotela zikutikhudza pati ife a khasu?” Musatseke wailesi, amayi. Ndalama ija mwana wanu amakutumizirani kuchokera ku Durban ikayamba kuchepa popanda chifukwa chomveka, mwina gwero lake ndi zimene ndifotokoze pano.

Kwa Nkhulambe kulibe gombe. Nyanja imene tili nayo pafupi ndi Chilwa, ya matope ndi mabango, ya matemba ndi milamba, imene timapitako kukasaka ndiwo osati kukapuma. Madzi ena amene timawadziwa ndi otsika m'phiri, ndipo timawadziwa moipa. Akuluakulu sanaiwale Napolo wa mu March 1991 amene anatsika ku Michesi. Ana nawo sadzaiwala March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa miyala ndi matope pamidzi yathu, kuononga chipatala cha Nkhulambe, kudula misewu ndi milatho mpaka thandizo lina kumabwera pa helikopita. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Namondwe ameneyu anachokera kunyanja ya mchere ya Indian. Anayendayenda pamwamba pa madziwo kuposa mwezi wathunthu, kenako pa 11 March anatera kufupi ndi Quelimane ku Mozambique n'kukwera kubwera kuno.

Chimene chimandikhudza ndi chakuti ambiri mwa amene anataya nyumba zawo chaka chimenecho sanaionepo nyanja imene inawatumizira tsokalo. Komatu si kutali monga timaganizira. Ukadutsa pa Muloza n'kulowa Milange, msewu umakufikitsa ku Mocuba, kuchoka apo ku Quelimane, ndipo kunja kwa mzindawo kuli gombe la Zalala, la mchenga ndi mitengo ya kokonati. Munthu amene madzi anamulanda zonse ali ndi ufulu wolakalaka tsiku limodzi lokhala pamchenga, kumaona madzi ali phee, mafunde akungomunyambita mapazi. Chilakolako chimenecho si uchitsiru ndipo si kunyada. Koma pali anthu amene anachiphunzira bwino chilakolakochi, ndipo amadyera pomwepo.

Ndili ndi mwana wa mlongo wanga amene amayendetsa galimoto ya kampani ina ku Durban. Mapepala ake ndi olongosoka, amalandira pamwezi, ali ndi khadi la kubanki. Tsiku lina Loweruka akugula zinthu m'sitolo zikuluzikulu zija, mtsikana wovala bwino anamupatsa kapepala kuti alembepo dzina ndi nambala ya foni, ati pali mpikisano. Patadutsa masiku ochepa foni inalira. Mawu ake okoma ngati uchi: mwapambana, masiku atatu pahotela ya m'mbali mwa nyanja, inu ndi akazi anu. Chofunika n'chakuti mubwere kudzatenga mphatso yanu, mubwere awiri, mutenge ziphaso ndi khadi la kubanki, ndipo mudzamvere kaye kankhani ka mphindi 90.

Anapita, ndipo mphindi 90 zija zinasanduka maola anayi. Usiku wake anandiimbira foni mawu akunjenjemera ndi chimwemwe. “Amalume, ndagula malo kunyanja. Chaka chilichonse sabata imodzi ndi yathu. Amayi ndidzawatenga adzaone nyanja.” Ndinamufunsa kuti, “Mphwanga, pepala la malowo lili m'dzina lako? Chipindacho ndi nambala chani?” Anati palibe nambala ya chipinda, anamupatsa mapointi. Ndinamufunsanso kuti adzamaliza liti kulipira. Foni inakhala chete kanthawi, kenako anati, “Ndiona pamapepalapo.”

Tiyeni tsono tichimasule chinthu chimenechi kuti aliyense achimvetse, chifukwa maganizo ake poyambirira si oipa ayi. Chaka chili ndi masabata 52. Munthu wolemera akamanga kanyumba kunyanja amagonamo mwina masabata awiri pachaka, masiku ena onse kali kotseka, mlonda yekha akusesa masamba. Ndiye anthu ena ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960 anaganiza kuti, bwanji chipinda chimodzi tichigulitse kwa anthu 50, aliyense akhale ndi sabata yake? Kampani ya Hapimag ya ku Switzerland inayamba mu 1963 ndi maganizo ofanana ndi amenewa. Mu 1974 ku Indianapolis m'dziko la America kunabadwa kampani ya RCI, yothandiza eni masabata kusinthana, kuti wa sabata ya kunyanja chaka chino akagone kumapiri. Ku South Africa malondawa anakula msanga m'mbali mwa nyanja ya KwaZulu-Natal, malo ngati Umhlanga ndi Margate, mpaka boma linakhazikitsa lamulo lake lapadera mu 1983.

Ife kuno maganizo otere si achilendo. Mabanja angapo amagula limodzi ngolo kapena mpope wothirira dimba n'kumagwiritsa ntchito mosinthana. Chipereganyu nachonso chimayenda choncho: mwezi uno ndi wanga, wamawa ndi wanu. Kusiyana kwake n'kwakuti pachipereganyu mumadziwana nonse, ndalama mumaziwerengera pamphasa pamaso pa aliyense, ndipo amene watopa amatuluka chikazungulira. Pa timeshare anzanu 49 aja simudzawaona nkhope, amene amasunga buku ndi kampani yomwe inakugulitsaniyo, ndipo khomo lotulukira nthawi zambiri limakhala lokhoma.

Ndalama zake zimalipidwa pawiri, ndipo apa mpamene ambiri amagwera. Yoyamba ndi yogulira sabata kapena mapointi. Imeneyi ndi yaikulu, moti ambiri amaitenga pangongole ya chiwongoladzanja, kampani n'kumadula yokha kubanki mwezi ndi mwezi. Yachiwiri ndi yosamalira malo, imene kumeneko amaitcha levy. Imeneyi siitha. Umalipira chaka ndi chaka, wapitako kapena sunapiteko, ndipo kawirikawiri imakwera chaka chilichonse. Tiyerekeze kuti levy yanu ndi 7,000 rand pachaka ndipo sabata yanu ili ndi mausiku 7. Ndiye kuti usiku uliwonse mukulipira 1,000 rand, pamwamba pa ngongole yogulira ija, pamwamba pa thiransipoti ndi chakudya. Kodi ndi ndalama imeneyo simungapeze chipinda pamalo ogona alendo wamba, pa nthawi imene mwafuna inu, popanda kusaina kanthu?

Ndiye ganizirani zaka zimene zangodutsazi. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseka South Africa kuyambira kumapeto kwa March, palibe amene amaloledwa kupita kutchuthi. Mu April 2022 madzi osefukira anaononga Durban, anthu oposa 400 anamwalira, mapaipi a zonyansa anaphulika, ndipo magombe angapo kuphatikizapo a Umhlanga anatsekedwa kwa nthawi yaitali chifukwa madzi anali ndi tizilombo. Mlendo wamba zikatere amangoti chaka chino sindipita, ndalama yake n'kugulira feteleza. Mwini sabata alibe mwayi umenewo, chifukwa udindo wosamalira nyumbayo uli pamutu pake. Ndipo kwa amene wabwerera kumudzi, rand amaigula ndi kwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ngongole ya rand yolipira ndi ndalama ya nandolo imakula yokha usiku iwe uli mtulo.

Za mapointi nazo ndi mutu wina. Poyamba munthu ankagula sabata yodziwika, mwachitsanzo sabata yachiwiri ya July, chipinda chakutichakuti. Masiku ano makalabu ambiri a tchuthi amagulitsa mapointi, amati uli ndi ufulu wosankha kulikonse. Koma aliyense amafuna December ndi Pasaka, pamene ana atsekera sukulu ndipo mabwana apereka tchuthi. Ukaimba foni amakuuza kuti kwadzaza, kapena kuti mapointi ako sakukwana sabata ya December, uwonjezere ena. Mphwanga uja tchuthi chake amachipeza mu December basi. Zaka ziwiri zoyambirira sanagonepo ngakhale usiku umodzi m'malo amene amati anagula.

Musaganize kuti izi zimagwera alendo okha osadziwa Chingerezi bwino. Eni dziko ku South Africa, aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi okalamba a penshoni, anadandaula kwa zaka zambiri mpaka bungwe la boma loteteza ogula la National Consumer Commission linakhazikitsa kafukufuku mu 2017. Gulu lofufuzalo, lotsogozedwa ndi mayi Diane Terblanche, linayenda m'zigawo za dzikolo kumva anthu pamaso, ndipo lipoti lake linatuluka mu December 2018. Madandaulo anali omwewo kulikonse: anatikakamiza kusaina, levy ikungokwera, malo sapezeka pa nthawi imene tikuwafuna, tikafuna kutuluka akutikaniza. Chopweteka kwambiri chinali cha migwirizano yopanda malire a zaka, imene munthu amalipira mpaka kumanda, mwinanso ngongoleyo n'kutsalira ana. Gululo linalangiza kuti migwirizano yotere izikhala ndi zaka zowerengeka. Ku Spain nako bwalo lalikulu la milandu linagamula mu 2015 kuti migwirizano yamuyaya yotereyi ndi yosaloleka. Ku Britain munthu wina wotchuka, John Palmer, anamangidwa mu 2001 chifukwa chobera anthu zikwizikwi pa malonda a timeshare pachilumba cha Tenerife. Matendawa ndi a dziko lonse lapansi.

Tsopano funso limene achinyamata amandifunsa ndi ili: “Nanga munthu atangopita kukadya tchuthi chaulerecho n'kukana kugula, walakwa chani?” Kunena zoona, sanalakwe. Alipo anthu ku America ndi ku South Africa amene amachita zimenezi dala. Amavomera kuitanako, amagona masiku awiri kapena atatu pamtengo wotsika, amakhala pansi kumvera wogulitsa, amati ayi, n'kubwerera kwawo. Makampani enieni amadziwa kuti ambiri akana, ndipo mtengo wa mausiku aulerewo anauika kale pamutu pa ochepa amene avomere. Choncho bedi limene mukugonapo mwaulere analipira ndi munthu wina ngati mphwanga uja.

Koma amene akufuna kudya nyambo osameza mbedza ayenera kudziwa mmene msodzi amaponyera. N'chifukwa chiyani amati mubwere awiri? Kuti musadzanene kuti, “Ndikafunse kaye kunyumba.” Nanga khadi la kubanki ndi lachiyani kwa munthu amene wangobwera kudzatenga mphatso? Kuti mukangogwedeza mutu adule pomwepo. Amayamba ndi tiyi ndi mafunso achikondi: ana muli nawo angati, mayi anu ali kuti, munapita liti kutchuthi komaliza? Mukanena kuti mayi anu ali kumudzi ndipo sanaonepo nyanja, mwawapatsa chingwe chokumangirani. Wogulitsa woyamba akalephera amaitana bwana wake, amene amatsitsa mtengo. Bwanayo akalephera amabwera wachitatu ndi mtengo wina wotsikirapo, ndipo onse amamaliza ndi mawu amodzi: mtengo umenewu ndi wa lero lokha. Wina akasaina patebulo loyandikana nalo amaomba m'manja kuti inu mudzione ngati otsalira.

Apa mpamene ndimaopera anthu a kwathu. Tinaleredwa kuti munthu amene wakupatsa mpando ndi tiyi sumukana pamaso. Tinaphunzitsidwa kuti kutsutsana ndi munthu wovala tayi ndi mwano. Ulemu umenewu ndi chuma chathu, ndipo sindikufuna tiutaye, koma m'chipinda chimenecho umasanduka chingwe cha pakhosi. Makolo anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mphwanga anandiuza mawu amene sindiwaiwala. Anati, “Amalume, mtsikana wogulitsayo anataya nane maola anayi, ndinachita manyazi kuti apite chimanjamanja.” Taonani, munthu kulowa m'ngongole ya zaka chifukwa chomvera chisoni amene akumutchera msampha.

Ndiye kwa inu ana athu amene muli kumeneko, ngati mwaganiza zopita, mverani izi. Musananyamuke, auzeni akulembereni zonse: mugona kuti, masiku ati, mulipira zingati, ndipo mukakana kugula chichitike n'chiyani, chifukwa ena amakubwezerani mtengo wonse wa chipinda mukapanda kukhala nawo pankhani yawo mpaka kumapeto. Funsani ngati chakudya ndi ulendo zili momwemo, poti nthawi zambiri chaulere ndi bedi lokha, ndiponso limakhala la pakati pa sabata, nyengo yozizira imene kulibe alendo. Mugwirizane ndi akunyumba kwanu musanalowe kuti lero sitisaina kanthu, zivute zitani. Khadi la kubanki musalitulutse m'thumba. Mphindi zimene analonjeza zikakwana, imirirani, thokozani mwaulemu, tulukani. Simuyenera kupereka chifukwa, pakuti chifukwa chilichonse chimene mungapereke iwo ali nalo kale yankho lake. Ndipo ngati malondawo mwawakondadi, pemphani mapepala mupite nawo kunyumba, mukawerenge ndi munthu wodziwa malamulo. Chinthu chabwino lero chimakhala chabwinobe Lachisanu.

Ngati mwasaina kale, musagone. Lamulo la South Africa loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, limapatsa munthu amene anachita kutsatiridwa ndi wogulitsa masiku asanu ogwira ntchito kuti athetse mgwirizano popanda chilango ndiponso popanda kupereka chifukwa. Koma muyenera kulemba kalata kapena imelo n'kusunga umboni wake, osati kungoimba foni. Lamulo lomwelo limaletsa kuuza munthu kuti wapambana pamene mpikisano kunalibe, ndiponso limaletsa kumulipiritsa kuti alandire mphoto yake. Ku Ulaya masiku oganizirawa ndi 14, ndipo wogulitsa saloledwa kulandira ngakhale khobidi masikuwo asanathe. Mphwanga anadziwa za masiku asanuwa patadutsa miyezi itatu.

Pali mbala yachiwiri imene imadikira pakhomo. Munthu akatopa ndi levy n'kuyamba kufunafuna womugula, amapeza kuti sabata imene anaigula modula ilibe msika, ena amaipereka ulere koma osapeza woitenga. Ndiye foni imalira: tapeza munthu wofuna kugula mapointi anu, tumizani kaye kandalama ka mapepala. Ukatumiza, nambala ija siipezekanso. Amene analumidwa kamodzi amalumidwanso pabala pomwepo.

Nyimbo imeneyi ife kuno tikuidziwa, ngakhale sitinapondepo Durban. Ndani mwa inu sanalandirepo uthenga wapafoni woti mwawina, tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti katundu wanu anyamuke? Masiku ano pa Facebook ndi WhatsApp pamayendanso zithunzi za zipinda zokongola za ku Mangochi ndi Salima, mtengo wake wochititsa kaso, ati lipirani theka lero malo asanathe. Ena mwa otsatsawo ndi oona, ena zithunzizo anangoba. Njira yake ndi yosavuta: pezani nambala yeniyeni ya hotelayo kudzera kwa munthu wina, osati imene ili pachithunzipo, muimbe, mufunse ngati akumudziwa wotsatsayo. Mukaberedwa kanenani kupolisi. Ngati ndi kampani yodziwika imene yakulonjezani china n'kukupatsani china, kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission ndi bungwe loyankhulira ogula la CAMA. Kukhala chete chifukwa cha manyazi n'kumene kumanenepetsa anthu amenewa.

Koma sindikufuna mutseke wailesi mukuganiza kuti nyanja ndi ya azungu ndi mabwana okha, ife tizingoiona pa kalendala ya m'sitolo. Ayi. Tili ndi nyanja yathu, madzi ake opanda mchere, mchenga wake woyera, ndipo anthu amawoloka maiko kudzaiona. Kuchoka kuno njira ndi yodziwika: Phalombe, kudzera msewu wa ku Jali mpaka Zomba, kutsika Liwonde, kukafika Mangochi. Ukanyamuka m'mamawa dzuwa limakalowa uli pamchenga. Kupitirira Mangochi boma kuli Nkopola ndi Makokola, kutsogolo Monkey Bay kumene kumakocheza sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Ukakhotera ku Cape Maclear umafika m'mudzi wa Chembe, mkati mwa Lake Malawi National Park, malo amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha tinsomba ta mbuna ta mitundu yosapezeka kwina kulikonse. Ana athu amaloweza zimenezi pokonzekera mayeso a Sitandade 8, koma ndi angati anaziona ndi maso?

Ku Chembe, ku Senga Bay, ku Nkhata Bay, pambali pa mahotela odula pali malo ogona a anthu wamba, pali pomanga tenti, pali amayi ophika nsima ya kampango ndi usipa pamtengo wa kumudzi. Chinsinsi cha kutchipa si mpikisano wa pafoni. Ndi kusankha nthawi. Aliyense amathamangira kunyanja pa 15 October tsiku la anakubala, pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, ndiye mitengo imakwera, minibasi imadula, gombe limadzaza mpaka ana kusowa. Pitani mkati mwa sabata, mwezi wopanda chikondwerero, mukatha kugulitsa nandolo. Imbani foni nokha kwa eni malo, nenani kuti ndinu a Malawi, muli anthu angati, ndipo funsani mtengo wa eni dziko, chifukwa malo ambiri ali nawo koma sauika pachikwangwani. Kunenerera si mwano. Chipinda chogona chopanda munthu sichibweretsa kanthu kwa mwini wake, ndipo iye akudziwa zimenezo kuposa inu.

Ndipo maganizo aja ogawana, amene makampani anawasandutsa msampha, ife tikhoza kuwagwiritsa ntchito mwachilungamo. Tiyerekeze gulu la banki mkhonde la anthu 20. Aliyense ataika padera K5,000 pamwezi kwa miyezi 10, ndiye kuti pali K1,000,000 m'bokosi. Mukhale pansi muwerengere ngati ikukwana kuchita hayala galimoto ndi kugona usiku umodzi kapena uwiri, ufa ndi ndiwo mutanyamula zanu. Ikapanda kukwana muwonjezere miyezi. Amvano, makwaya ndi masukulu akhala akuchita zimenezi kwa zaka. Mukabwerako palibe amene adzakutsatireni ndi kalata ya levy. Chaka chamawa mvula ikavuta, ndalamayo igula chimanga ndipo palibe wokuimbani mlandu. Pokhapo, amene sadziwa kusambira asapitirire m'mawondo, ana asachoke m'maso mwanu, mowa ndi madzi siziyendera limodzi, ndipo mukabwerako pitani kuchipatala akakuoneni likodzo.

Mawu anga ena apite kwa eni mahotela ndi a unduna wa zokopa alendo. Mwakhala mukutiuza kuti “Tidziyamba ndife a Malawi,” ndipo mwezi wa September munaupatula kukhala wa zokopa alendo. Mawuwo ndi abwino. Koma Mmalawi amene mukumunenayo akuoneka kuti ndi wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa, wa galimoto yake ndi alawansi ya msonkhano. Mphunzitsi wa kwa Nkhulambe mukumuwerengera? Mu 2020 ndege zitasiya kutera, zipinda zanu zinakhala zopanda anthu ndipo munatsitsa mitengo kutiitana ife. Mu 2024 nyanja itakwera n'kumiza malo ogona ambiri ku Mangochi ndi Salima, munalira kuti bizinesi yagwa. Mlendo wa kunja amathawa kukangomveka mphekesera ya matenda kapena zionetsero. Wa kuno sathawa, ndi kwawo. Ikani mtengo wa eni dziko poyera, pachikwangwani ndi pawailesi, m'kwacha osati m'madola. Konzani mtengo wa magulu a sukulu ndi a mipingo m'miyezi imene mulibe alendo. Ndipo mipanda ija mukumanga mpaka m'madzi, yotsekera asodzi ndi amayi ochapa njira ya kugombe la makolo awo, siyani mipata. Mukapanda kutitsegulira khomo loona, anthu athu adzapitiriza kulowera pa makomo a akathyali amene amawalonjeza nyanja pafoni.

Za mphwanga uja, nkhani yake sinathe. Ngongole yogulira mapointi akuidulabe kubanki. Analemba makalata angapo opempha kutuluka, ndipo tsopano dandaulo lake analipereka ku bungwe loteteza ogula kumeneko, akudikira yankho. Ndalama imene ankatumiza kumudzi inatsika ndi theka, ndipo mlongo wanga, amene nyumba yake inagwa mbali imodzi ndi Freddy, anamaliza kuikonza mochedwa ndi chaka chathunthu. Sanamukalipire mwana wake. Atamva zonse anangoti, “Iwe unkafuna kundionetsa nyanja, sunalakwe. Koma ukanandifunsa ndikanakuuza kuti ya ku Mangochi ikundikwanira.”

Gulu la banki mkhonde la mlongo wangayo layamba kuponya padera kuyambira mwezi watha. Ali amayi 18 ndi abambo awiri. Akuti akufuna kunyamuka Lachiwiri lina mu September, nandolo atagulitsidwa, ndipo andipempha kuti ndiwafunsire mtengo wa galimoto yochokera pa Phalombe boma mpaka ku Cape Maclear. Ngati pali dalaivala wa minibasi amene akumvera ndipo amaidziwa bwino njira imeneyo, atipeze kuno ku wailesi pulogalamu ikatha.